Masamu a nkhani: kuchoka pa mawu kufika pa fomula osasochera

Mwana wa Fomu 1 kapena Fomu 2 mukamulembera pa bolodi kuti 60 ÷ 48, sachedwa, yankho akupatsani pompo. Koma nambala zomwezo mukazibisa m'nkhani ya minibasi yochoka ku Limbe kupita ku Zomba, cholembera chimayamba kutafunidwa. Si kuti fomula saidziwa ayi, ambiri analoweza kalekale. Chimene chimawagwetsa ndi ntchito imene imabwera fomula isanalembedwe, ndi ina yotsala nambala ikatuluka: kutola zofunika m'nkhani, kukonza miyeso, kenako kubweza yankho ku nkhani ija n'kuona ngati likumveka. Fomula yeniyeniyo ndi mzere umodzi basi pa tsamba lonse.

Malangizo awa ndi a ophunzira amene angoyamba aljebra, komanso makolo, amalume ndi azichemwali amene madzulo amakhala nawo pa kope. Mitengo ya zinthu ndi liwiro la magalimoto zimene ndaika m'zitsanzo ndi zongoyerekezera kuti masamu atuluke bwino. Musapite nazo kumsika.

Yambani ndi kuwerenga, cholembera chili pansi

Funso lathu loyamba nali. Minibasi yanyamuka ku Limbe nthawi ya 7:40 m'mawa, yanyamula anthu 15, ikupita ku Zomba, mtunda wa makilomita 60. Ikuyenda pa liwiro la makilomita 48 pa ola. Ikafika nthawi yanji?

Werengani kawiri. Koyamba mungomva kuti chikuchitika n'chiyani. Kachiwiri fufuzani chiganizo chimene chanyamula funso lenileni, chomwe nthawi zambiri chimakhala chomaliza, ndipo muchidule mzere kunsi. Pano sakufunsa kuti ulendo utenga maola angati. Akufunsa kuti pofika ku Zomba wotchi ikhala ikuti chiyani. Amene wasiyira pa maola a ulendo watsala ndi sitepe imodzi, ndipo malikisi a sitepeyo apita ngakhale masamu ake ali bwinobwino.

Mayeso a masamu a MANEB, kaya a JCE kaya a MSCE, amabwera m'Chingerezi, choncho pali chinthu china chimene ndimalimbikitsa kwambiri. Mukawerenga funso, phimbani pepala ndi dzanja n'kuifotokoza nkhaniyo m'Chichewa, m'mawu anuanu. Mukakanika kuifotokoza ndiye kuti funso simunalimve, ndipo palibe fomula imene ikupulumutseni. Makolo, apa ndi pamene mungathandize kwambiri ngakhale masamu munasiyira ku pulayimale. Ingomufunsani mwanayo kuti, "Tandiuza, akuti chachitika n'chiyani? Nanga akufuna uwapezere chiyani?" Akayamba kuchita chibwibwi, abwerere kukawerenga.

Mukatero lembani zimene mwapatsidwa, chilichonse pa mzere wake, pamodzi ndi muyeso wake:

D = makilomita 60
S = makilomita 48 pa ola
T = maola a ulendo, sitikuwadziwa

Taonani zinthu ziwiri. Anthu 15 aja sanalowe, chifukwa alibe nazo ntchito nkhani ya nthawi. Olemba mafunso amaponyamo nambala zotere kuti aone ngati mukuwerenga kapena mukungotola chilichonse chooneka ngati nambala. Nayo 7:40 sinalowe mu fomula, koma iyo tiisunge, tiifuna kumapeto.

Chilembo chimaimira nambala, osati chinthu. Kulemba kuti "T = minibasi" ndi chiyambi cha chisokonezo. Nenani motsimikiza kuti T ndi chiwerengero cha maola. Chizolowezi choti zosadziwika tizizitcha x, y ndi z chinafala kuchokera kwa René Descartes wa ku France, m'zolemba zake za m'chaka cha 1637, koma palibe lamulo loti mugwiritse ntchito x. Chilembo chimene chikukukumbutsani chinthu chimene mukufuna ndicho chabwino.

Tsopano fomula. Funani imene ikulumikiza zimene muli nazo ndi chimene mukufuna, yoti mukaikamo nambala patsale chilembo chimodzi chokha chosadziwika. Apa ndi mtunda = liwiro × nthawi, kapena D = S × T. Mukaiwala kuti chimachulukitsa chinzake ndi chiti, muyeso ukukumbutsani. Mawu oti "makilomita pa ola" akunena okha kuti liwiro ndi makilomita ogawidwa ndi maola. Galimoto yoyenda makilomita 48 ola lililonse, pa maola awiri yayenda 96; mwachulukitsa musanaganize n'komwe za fomula.

Lembani fomula kaye ili ndi zilembo zake, kenako mzere wina muikemo nambala:

D = S × T
60 = 48 × T

Chizindikiro cha = chitengeni ngati sikelo ya mbale ziwiri imene ogulitsa nyama ena amagwiritsa ntchito mumsika. Mbali ziwirizo n'zolemera mofanana, ndipo chimene mwachita mbali imodzi muchitenso mbali inayo, apo ayi sikelo yapendekeka. T wachulukitsidwa ndi 48. Kuti atsale yekha, gawani mbali zonse ziwiri ndi 48:

T = 60 ÷ 48 = 1.25

Pali kanjira kachidule kamene ana ambiri amakakonda, koti nambala "ikawoloka" chizindikiro cha = imasintha chizindikiro. Ine sindikakonda kwa munthu amene akungoyamba, chifukwa samafunsa kuti nambalayo imachita chiyani isanawoloke. Amangoona 48, n'kuiwolotsa, n'kulemba T = 60 − 48 = 12. Maola 12 kuchoka ku Limbe kufika ku Zomba ndiye kuti makilomita 5 pa ola, liwiro la munthu woyenda pansi. Kuchotsera kumafafaniza kuphatikiza, kugawa kumafafaniza kuchulukitsa. Dzifunseni kaye kuti chilembo chachitidwa chiyani, ndiye muchite chotsutsana nacho mbali zonse.

Yankho la 1.25 lili ndi msampha wake, ndipo umakola ngakhale ana anzeru. Maola 1.25 si ola limodzi ndi mphindi 25. Ola lili ndi mphindi 60, osati 100. Tengani 0.25 muchulukitse ndi 60, mupeza mphindi 15. Ulendo watenga ola limodzi ndi mphindi 15. Tsopano 7:40 ija yapeza ntchito: kuwonjezera ola limodzi ndi 8:40, kuwonjezera mphindi 15 ndi 8:55. Malizani ndi chiganizo chathunthu: minibasi ikafika ku Zomba nthawi ya 8:55 m'mawa. Inde, tonse tikudziwa kuti minibasi yeniyeni iima pa Njuli, iimanso pa Namadzi kudikira anthu, koma ya m'buku la masamu siima.

Miyeso ndi imene imadya malikisi ambiri

Apa ndichedwapo, chifukwa zolakwa zambiri zimene ndimaona m'makope zimachokera pano. Fomula siidziwa kuti mwaipatsa mphindi kapena maola. Imangochulukitsa chilichonse mwaiponyera.

Wakabaza wa njinga yamoto wayenda mphindi 45 pa liwiro la makilomita 24 pa ola, kuchoka m'tauni kulowera ku Lunzu. Wayenda mtunda wautali bwanji? Wopupuluma alemba 24 × 45 = 1,080, n'kudula mizere iwiri kunsi kwa yankho mosangalala. Makilomita 1,080 kuchoka ku Blantyre ndiye kuti kabazayo wadutsa Lilongwe, Mzuzu, Karonga, mpaka walowa m'dziko la Tanzania, zonsezo mu mphindi 45. Liwiro laperekedwa pa ola, choncho nthawi nayonso ikhale m'maola: 45 ÷ 60 = 0.75, kapena kuti magawo atatu a magawo anayi a ola. Ndiye D = 24 × 0.75 = makilomita 18.

Sinthani miyeso pa mzere uja wolembapo zimene mwapatsidwa, fomula isanafike. Mukadikira kuti musinthe pakati pa masamu, mudzaiwala.

Chitsanzo china, cha madzi. M'madera ngati Ndirande, Bangwe kapena Chilobwe aliyense amadziwa kufunika kosunga madzi mipopi ikauma. Tinene kuti bambo wina wamanga thanki ya simenti, m'litali mamita 2, m'lifupi mamita 1.5, kuya masentimita 80. Mulowa zigubu zingati za malita 20? Fomula ndi V = l × b × h, kutanthauza m'litali × m'lifupi × kuya. Koma miyeso iwiri ili m'mamita, umodzi m'masentimita. Masentimita 80 ndi mamita 0.8. Ndiye V = 2 × 1.5 × 0.8 = 2.4 m³. Kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, ndipo muyeso womwewu ndi umene mita ya madzi ya pakhomo imawerenga. Choncho thankiyo imasunga malita 2,400, ndipo 2,400 ÷ 20 ndi zigubu 120. Amene sanasinthe 80 uja apeza 240 m³, zigubu 12,000, mu thanki yoti kuya kwake sikufika m'chiuno mwa munthu wamkulu.

Diramu ija timasungiramo madzi ili ndi fomula ina, V = πr²h. Msampha wake ndi r. Mukayeza pakamwa pa diramu kuchoka m'mphepete kudutsa pakati kufika m'mphepete mwina, mwapeza dayamita, ndipo r ndi theka lake. Dayamita ikakhala masentimita 56, r ndi 28. Kutalika kukhale masentimita 85, π titenge 22/7. Yambani ndi r², yomwe ndi 28 × 28 = 784, osati 28 × 2. Kenako 22/7 × 784 = 2,464, ndipo 2,464 × 85 = 209,440 cm³. Lita imodzi ndi 1,000 cm³, ndiye tapeza malita 209 ndi pang'ono. Zikugwirizana ndi zimene tikudziwa, kuti diramu imadzadza ndi zigubu khumi, n'kutsala kampata. Mukanaika 56 m'malo mwa 28, yankho likanakula kanayi.

Ndalama nazo zili ndi miyeso yake, ndipo pano nkhani ndi ya miyezi ndi zaka. Fomula ya chiwongoladzanja chosaberekana ndi I = PRT/100. P ndi ndalama imene mwasunga kapena mwabwereka, R ndi maperesenti, T ndi nthawi, I ndi chiwongoladzanja chokha. Mayi wina wasunga K250,000 ku banki pa 8 peresenti pa chaka kwa miyezi 9. M'funso la Chingerezi mudzaona mawu oti per annum, kapena p.a., ndipo amenewo akukuuzani kuti T ikhale m'zaka. Miyezi 9 ndi 9/12 ya chaka, yomwe ndi 0.75.

I = 250,000 × 8 × 0.75 ÷ 100 = K15,000

Woika T = 9 apeza K180,000, ndalama imene mayiyo akanaipeza atadikira zaka 9.

Lamulo si loti nthawi zonse T ikhale m'zaka. Lamulo ndi loti R ndi T ziyendere muyeso umodzi. Ku banki m'khonde chiwongoladzanja chimawerengedwa pa mwezi. Tinene kuti gulu lina limaika 20 peresenti pa mwezi, ndipo mwabwereka K50,000 kwa miyezi itatu. Apa T ndi 3 basi, osagawa ndi 12. I = 50,000 × 20 × 3 ÷ 100 = K30,000, ndipo zonse zobweza ndi K80,000. Kuti muone kulemera kwake, 20 peresenti pa mwezi ndi 240 peresenti pa chaka. Chenjezo lina: gulu likamaphatikiza chiwongoladzanja chosalipidwa ku ngongole mwezi uliwonse, fomula iyi yasiya kugwira ntchito, chifukwa P ikukula. Mwezi woyamba ngongole ifika K60,000, wachiwiri K72,000, wachitatu K86,400. Fomula iliyonse ili ndi malire ake, ndipo kufunsa kuti "kodi nkhaniyi ikugwirizana ndi fomulayi?" ndi gawo la masamu omwewo.

Funso la ndalama likhoza kubisanso nambala imene mukufuna. Munthu wabwereka K120,000, patatha miyezi 6 wabweza K156,000. Chiwongoladzanja chinali maperesenti angati pa chaka? K156,000 si I. Imeneyo ndi ngongole pamodzi ndi chiwongoladzanja. Chotsani kaye: I = 156,000 − 120,000 = 36,000. T ndi 0.5. Ikani mu fomula: 36,000 = 120,000 × R × 0.5 ÷ 100. Mbali ya kumanja, 120,000 × 0.5 ÷ 100 ndi 600, ndiye 36,000 = 600R. Gawani mbali zonse ndi 600, R = 60 peresenti pa chaka.

Chilembo chikakwiririka pakati pa fomula

M'masukulu ambiri amaphunzitsa kathirayango kaja kokhala ndi D pamwamba, S ndi T pansi, koti mukaphimba chilembo chimodzi ndi chala, zotsalazo zikuuzani chochita. Kamagwira ntchito, sindikana. Koma kamathera pa mafomula a zilembo zitatu zochulukitsana. Mukafika pa fomula yokhala ndi kuphatikiza mkati mwake, chala chilibenso chophimba.

Mwana watentha thupi usiku, ndipo kachipangizo koyezera kutentha kamene muli nako pakhomo kakuonetsa 102.2, chifukwa kakuwerenga mu Fahrenheit. Kuchipatala kuno amalankhula za Celsius. Fomula ndi F = 9C/5 + 32. Ikani nambala: 102.2 = 9C/5 + 32.

Tsatani zimene zamuchitikira C mwa ndondomeko yake. Wachulukitsidwa ndi 9, wagawidwa ndi 5, kenako awonjezerapo 32. Pomasula, yambani ndi chimene chinachitika pomaliza. Chotsani 32 mbali zonse: 70.2 = 9C/5. Chulukitsani mbali zonse ndi 5: 351 = 9C. Gawani ndi 9: C = 39. Thupi la munthu wabwinobwino limakhala cha pa 37, yomwe ndi 98.6 mu Fahrenheit, choncho 39 ndi kutentha koti mwanayo akaonedwe kuchipatala.

Amene ayamba ndi kugawa 102.2 ndi 9, 32 uja akadali pomwepo, agawa mbali imodzi yonse koma mbali inayo agawa gawo limodzi lokha. Ndiye kupendekeka kuja.

Ena amafunsa kuti chabwino n'chiti, kuika nambala kaye kenako n'kumasula, kapena kutembenuza fomula zilembo zili momwemo kenako n'kuika nambala. Kwa woyamba, ikani nambala kaye. Nambala siziopsa ngati zilembo. Koma musakhazikike pomwepo, chifukwa mayeso amafunsanso kuti chilembo china muchisandutse subject ya fomula, kutanthauza kuti chitsale chokha mbali imodzi ya =, popanda kuikamo nambala iliyonse. Masitepe ake ndi omwewa. F − 32 = 9C/5, kenako 5(F − 32) = 9C, pomaliza C = 5(F − 32)/9. Mabulaketi amenewo si okongoletsa. Akunena kuti 5 akuchulukitsa zonse zimene zatsala mutachotsa 32. Njira yabwino yozolowerera ndi kuchita funso limodzi kawiri, kumanzere kwa tsamba ndi nambala, kumanja ndi zilembo, mzere ndi mzere.

Zosadziwika zikakhala ziwiri

Apa ndi pamene aljebra imaonetsa ntchito yake. Banja lagula poloti ku Machinjiri. Kuzungulira poloti yonse ndi mamita 100, ndipo m'litali mukuposa m'lifupi ndi mamita 10. Pezani m'litali ndi m'lifupi.

Jambulani kaye. Sikufunika luso, kabokosi ka makona anayi basi, n'kulemba m'mbali mwake. Fomula ndi P = 2(l + b), ndipo pano P ndi mtunda wozungulira poloti. Vuto ndi loti l sitikumudziwa, b sitikumudziwanso, pomwe equation, mzere uja wokhala ndi =, ili imodzi. Koma funso latipatsa ubale wa ziwirizi. Chinthu chimene chinzake chikuyerekezedwa nacho ndicho mupatse chilembo. Pano m'litali akuufotokoza potengera m'lifupi, ndiye m'lifupi mukhale b, m'litali mukhale b + 10.

100 = 2(b + 10 + b)
100 = 2(2b + 10)
100 = 4b + 20
80 = 4b
b = 20

Pa mzere wachitatu samalani, 2 uja achulukitse zonse za m'mabulaketi, 10 yemwe. Ambiri amalemba 4b + 10. M'lifupi ndi mamita 20, m'litali ndi 30. Afunsa zinthu ziwiri, yankhani ziwiri. Yesani yankho pa nkhani yeniyeniyo, osati pa equation yanu, chifukwa ngati equation munailemba molakwika idzakuvomerezani zolakwikazo. 30 + 20 + 30 + 20 ndi 100, ndipo 30 akuposa 20 ndi 10. Zonse ziwiri zatheka. Funso likapitiriza kuti akufuna kumanga mpanda n'kusiya geti la mamita 4, mpandawo ndi mamita 96. Likafunsa kukula kwa malo, ndiye ndi fomula ina, A = l × b = 600 m². Mpanda umayezedwa m'mamita, malo m'masikweya mita. Kusokoneza ziwirizi ndi matenda akale.

Za magalimoto awiri zimaopsa pongoziona, koma ndi D = S × T yomweyo yolembedwa kawiri. Basi yanyamuka ku Wenela kupita ku Lilongwe kudzera pa Zalewa, mtunda wa makilomita pafupifupi 310, pa liwiro la makilomita 75 pa ola. Nthawi yomweyo galimoto yaing'ono yanyamuka ku Lilongwe kubwera ku Blantyre pa liwiro la 80. Zikumana patatha maola angati? Zanyamuka limodzi, ndiye pokumana zonse zayenda nthawi yofanana, t. Basi yayenda 75t, galimoto yayenda 80t. Pokumanapo, mitunda iwiriyo yakwaniritsa msewu wonse: 75t + 80t = 310, ndiye 155t = 310, t = maola awiri. Basi yayenda makilomita 150, galimoto 160, pamodzi 310.

Nthawi zina fomula mulibe m'buku, muipange nokha. Mayi wokazinga mandasi ku Chirimba wagula ufa, shuga, yisiti, mafuta ndi makala, zonse K18,000. Ndasi limodzi akugulitsa K200. Agulitse angati kuti apeze phindu la K10,000? Lembani m'mawu kaye: phindu ndi ndalama zonse zolowa kuchotsapo zimene analowetsa. Mandasi akhale n. Zolowa ndi 200n. Ndiye 10,000 = 200n − 18,000. Phatikizani 18,000 mbali zonse, 28,000 = 200n, n = 140. Fomula yomweyo, mukaika phindu kukhala 0, ikuuzani kuti mandasi 90 oyamba akungobweza mpamba. Mayiyo mwina sanalembepo chilembo n, koma nambala ya 90 imeneyo amaidziwa bwino.

Yankho likatuluka

Musanagwire kakyuleta, ganizirani kaye kuti yankho likhala cha pati. Diramu singasunge malita 800. Chiwongoladzanja cha miyezi 9 pa 8 peresenti sichingayandikire ndalama imene munasunga. Kuyerekeza kotere kumatenga kanthawi kochepa, koma ndi kumene kumagwira zolakwa zikuluzikulu monga kabaza wa ku Tanzania uja.

Onaninso ngati chinthu chimene mwapeza chimaduka. Ophunzira 50 akupita kukaona phiri la Mulanje, minibasi imodzi imanyamula 15. Kakyuleta ikuti 3.33. Lamulo la kufupikitsa nambala likuti 3, koma mukabwereka maminibasi atatu, ana asanu atsala pasukulu akulira. Yankho ndi 4. Malata, matumba a simenti, zitini za penti, zonsezi zimakwera m'mwamba chimodzimodzi. Koma funso likakhala loti ndi K5,000 mungagule makope angati a K900, 5.56 imatsika kukhala 5, chifukwa ndalama ya lachisanu ndi chimodzi sikukwana. Nkhani ndi imene imalamula, osati kakyuleta.

Ndipo lembani njira yonse. Fomula pa mzere wake, kuika nambala pa mzere wake, yankho ndi muyeso wake. Wochonga amapereka malikisi pa njira, choncho amene walemba fomula yoyenera n'kuika nambala molondola, koma n'kuphonya pochulukitsa, amatolako kanthu. Amene walemba yankho lokha lolakwika alibe pomugwirira. Nambala yopanda muyeso, monga "18" basi, siinena ngati ndi makilomita, makwacha kapena mbuzi.

Nawa mafunso atatu oti muyese. Phimbani mayankho kaye.

Loyamba: wanjinga yakapalasa wanyamula thumba la mbatata, wayenda makilomita 15 mu ola limodzi ndi mphindi 15. Liwiro lake ndi lotani? Lachiwiri: K80,000 yasungidwa pa 15 peresenti pa chaka ndipo yabereka K18,000. Yakhala nthawi yaitali bwanji? Lachitatu: lole yatsika kuchoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa ilibe katundu, tiwerengere makilomita 50, pa liwiro la 50. Pobwerera yadzadza, ikukwera chitunda cha ku Thabwa, ndipo yayenda pa liwiro la 25. Pezani liwiro la apakatikati la ulendo wonse.

Pa loyamba, mphindi 15 ndi 0.25 ya ola, ndiye T = 1.25, S = 15 ÷ 1.25 = makilomita 12 pa ola. Pa lachiwiri, 18,000 = 80,000 × 15 × T ÷ 100, ndiye 18,000 = 12,000T, T = 1.5, kutanthauza chaka chimodzi ndi miyezi 6, osati miyezi 5.

Pa lachitatu, ngati mwaphatikiza 50 ndi 25 n'kugawa ndi 2 n'kupeza 37.5, mwagwa m'dzenje limene funsoli linakumbidwira. Liwiro la apakatikati ndi mtunda wonse kugawa ndi nthawi yonse. Potsika, T = 50 ÷ 50 = ola limodzi. Pokwera, T = 50 ÷ 25 = maola awiri. Mtunda wonse ndi makilomita 100, nthawi yonse ndi maola atatu, ndiye S = 100 ÷ 3 = makilomita 33⅓ pa ola. Latsika kufupi ndi 25 chifukwa loleyo inatha maola awiri ikukwawa pachitunda, pomwe pa liwiro la 50 inangokhalapo ola limodzi.